Malole osintha okha magiya ndi mtsetse wa ku Mvera

Katundu wambiri wolowa ndi kutuluka m'boma la Salima amayenda pa lole. Njanji inafika kuno mu 1935 ndipo doko la Chipoka lilipo, koma feteleza wochokera ku Kanengo, shuga wa ku Dwangwa, mpunga wa ku Lifuwu ndi simenti ya zitukuko za khonsolo zimadalira kwambiri misewu iwiri: wa M14 wochokera ku Lilongwe ndi wa M5 wotsata gombe la nyanja. Choncho kusintha kwa kapangidwe ka malole kumakhudza bomali ngakhale kutayambira kutali. Lero malole akuluakulu akusiya giya ya pamanja, imene ambiri amati manyuwo, n'kumabwera ndi giya yosintha yokha, ya otomatiki.

Kampani ya Scania inayamba kugulitsa giya yotere, yotchedwa Opticruise, m'zaka za m'ma 1990, ndipo ya Volvo inatulutsa yake ya I-Shift mu 2001. Ku Ulaya ndi ku America malole atsopano ambiri saikidwanso chopondera kilatchi. Popeza eni malole ambiri m'Malawi muno amagula ogwirapo kale ntchito ku Britain ndi ku South Africa, zimene zinayamba kale kumeneko ndi zimene zikufika kuno tsopano. Matipa ambiri a Howo ndi FAW otuta mchenga ndi miyala adakali a manyuwo, kotero mitundu iwiriyi iyendera limodzi kwa nthawi ndithu.

Ambiri amayesa kuti giya imeneyi ndi yofanana ndi ya galimoto zing'onozing'ono, koma ayi. Mkati mwake muli magiya a mano ndi kilatchi monga mwa kale. Chimene chachoka ndi mwendo wa dalaivala. Kompyuta imayeza liwiro la injini, kulemera kwa katundu ndi kupendekeka kwa msewu, kenaka imagwiritsa ntchito mphamvu ya mpweya wa m'matanki kumasula kilatchi ndi kulowetsa giya yoyenera. Eni malole amaikonda chifukwa imasunga dizilo, amene dziko lino limagula ndi ndalama zakunja kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Kilatchi imakhalitsa, ndipo dalaivala satopa msanga.

Pamene pagona nkhani kwa anthu a ku Salima ndi pa msewu wa M14. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nyanja ya Malawi ili pansi pa mamita 500. Lole yodzaza imatsika mamita oposa 500, ndipo mbali yaikulu ya kutsikaku ili m'mapiri okhotakhota a ku Dowa, cha ku Chezi ndi Mvera. Madalaivala akale anali ndi lamulo lawo lakuti phiri litsikidwe ndi giya yomwe munthu angakwere nayo. Lamuloli silinathe ntchito. Kompyuta imamva kuti msewu wapendekeka, koma siona khona lomwe lili kutsogolo, kabaza wonyamula makala kapena minibasi yoima pakati pa msewu. Injini ikathamanga mopyola malire, giyabokosi imatha kukweza yokha giya pofuna kuteteza injiniyo, ndipo lole imawonjezera liwiro pa nthawi imene ikufunika kuchepetsa. Dalaivala amene sanaphunzitsidwe amangoponderera buleki mpaka mabuleki kutentha, kununkha, n'kusiya kugwira.

Njira yoyenera imayambira pamwamba pa phiri, mtsetse usanayambe. Dalaivala achepetse liwiro, aike giya pa chilembo cha M kuti asankhe yekha giya yotsika ndi kuigwira pomwepo, kenaka atsegule buleki ya injini kapena chipangizo chochepetsa liwiro chotchedwa retarder ngati loleyo ili nacho. Buleki ya mwendo aziponda mwamphamvu kwa kanthawi kochepa n'kusiya, kuti ipeze mpata wozizira. Chizolowezi chochotsa giya pa mtsetse pofuna kupulumutsa dizilo, amene nthawi zina amakagulitsidwa m'zigubu, n'choopsa pa lole ya mtundu uliwonse. N'zoona kuti malole ena amamasula okha giya pa mtsetse waung'ono, koma kompyuta imaibwezeretsa buleki ikangokhudzidwa, chinthu chimene dzanja la munthu wodzidzimuka silingachite mofulumira chotero.

Kunsi kuno mavuto ndi ena. M'mchenga wa m'madoko a nsomba ndi m'matope a m'madambo nthawi ya dzinja, lole yokwawa pang'onopang'ono imatenthetsa kilatchi, ndipo chenjezo likayaka ndi bwino kuima kuti izizire. Batire ikatha, lole yotere siliza pokankha. Mpweya ukamatuluka m'mapaipi, giya silowa. Ikamakokedwa ulendo wautali, shafuti yotumiza mphamvu ku matayala akumbuyo iyenera kumasulidwa, apo ayi giyabokosi imawonongeka, ndipo mtengo wake ndi wosayamba.

Amakaniko a pa Kamuzu Road ndi m'misika ina akhala akukonza giyabokosi ya manyuwo ndi sipanala komanso khutu, ndipo luso limenelo si lopeputsa. Koma giya yatsopanoyi imafuna makina owerengera zolakwika zimene kompyuta ya lole yasunga, ndipo kilatchi yatsopano ikaikidwa, kompyutayo iyenera kuchunidwa kuti iizolowere. Makinawa akasowa, lole imagona pamsewu kudikira katswiri wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mango kapena nsomba zikuwonongeka, ndalama ya ntchitoyo n'kupita kwina. Makomiti a chitukuko a ADC ndi magulu a achinyamata, pokambirana za maphunziro a ntchito zamanja ndi bungwe la TEVETA kapena sukulu ya Salima Technical College, angachite bwino kufunsa za magetsi ndi makompyuta a galimoto.

Wachinyamata wofuna udalaivala, mtsikana kapena mnyamata, ayambebe ndi manyuwo. Ku South Africa, kumene madalaivala ambiri a ku Malawi amapita ndi katundu kapena kukafuna ntchito, munthu woyesedwa pa galimoto ya otomatiki amalembedwa pa laisensi kuti aziyendetsa ya mtundu umenewo basi.