Musanamusiyire sikelo, muphunzitseni

Nyengo yogula mbewu ikafika, cha mu Epulo ndi Meyi, ambiri a ife timalemba munthu wotithandiza pa sikelo, kaya ndi pa Ntchisi Boma, kwa Malomo kapena pa Mponela. Kawirikawiri amakhala mlamu, mphwathu kapena mayi wa m'mudzi momwemo. Timamuuza zonse m'mawa umodzi, kumusiyira ndalama, ife n'kuthamangira kukasaka galimoto. Madzulo ndalama zikaperewera timati waba. Nthawi zambiri sanabe ayi, vuto n'lakuti sitinamuphunzitse.

Munthu wamkulu amabwera akudziwa kale zambiri. Mayi amene walima soya zaka 10 amazindikira soya wosauma pongomuluma, ndipo mtedza wachuku amauona msanga kuposa inu. Choncho yambani ndi kumufunsa kuti, "Mayi, inu mumadziwa bwanji kuti mbewu iyi yauma?" Akayankha, mudziwa pamene pali mpata. Mpatawo umapezeka pa kuwerenga sikelo, kuchotsa kulemera kwa thumba kapena ndowa, ndi kulemba m'kope. Taya nthawi yanu pamenepo, osati pa zimene anaziphunzira kumunda.

Chilichonse chimene mukumuuza, nenaninso chifukwa chake. Mwana amatsatira lamulo chifukwa chakuti wauzidwa, koma wamkulu amafuna kudziwa phindu lake, apo ayi alisiya inu mukangotembenuka. Mukamati aziona kuti muvi wa sikelo uli pa ziro asanakoleke thumba, muwerengereni pamaso pake: sikelo ikamanama ndi theka la kilogalamu, ndipo mwayeza ka 40 pa tsiku, ndiye kuti makilogalamu 20 apita, pafupifupi theka la thumba la makilogalamu 50. Ikanamira mlimi, mawa apita kwa venda wina. Muuzeninso kuti a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo, ndipo yosavomerezeka imalandidwa.

Musamuphunzitse tsiku la msika, pamene alimi ali pa mzere ndipo inu mtima uli m'mwamba. Sankhani tsiku lopanda anthu ambiri. Yezani inu kawiri iye akuona, kenako mupatseni sikelo ayeze yekha, inu manja kumbuyo. Apa mpamene ambiri timalephera, chifukwa akangochedwa timamulanda thumba n'kumaliza tokha. Musiyeni alakwitse lero inu mulipo. Mupatseni masamu enieni a pa ntchito: tiyerekeze mtengo ndi K1,000 pa kilogalamu, mlimi wabweretsa makilogalamu 37 ndi theka, amupatsa zingati? Apeze yekha K37,500 pa kakyuleta ya pafoni, ndipo abwereze ndi manambala ena mpaka zala zizolowere.

Za Airtel Money ndi TNM Mpamba zidikire tsiku lina. Phunziro lake ndi lalifupi: uthenga wa pafoni ya kasitomala si umboni, aziona ndalama zotsala mu foni yanu asanapereke katundu.

Akalakwitsa, musamukalipire pamaso pa anthu. Bambo wa ana 4 amene wanyozedwa pagulu sadzafunsanso funso, azingobisa zolakwa, ndipo zolakwa zobisika ndi zimene zimadya mpamba. Ena kuwerenga kumawavuta koma sangakuuzeni. Mukaona kuti kope akulizemba, mujambulireni mizere ya dzina, makilogalamu ndi ndalama, n'kumulimbikitsa mwaulemu za sukulu ya kwacha.

Ine ndimaona kuti masiku ophunzirawa muzimulipira, ngakhale pang'ono, chifukwa wasiya ntchito kumunda kwake kuti akhale nanu.

Sabata yoyamba, madzulo aliwonse khalani naye pansi mphindi 10, muwerengere limodzi matumba, kope ndi ndalama zotsala. Zikasiyana, iye ayambe kufufuza pamene palakwika, inu muyankhule pambuyo.