Injini ikazima pakati pa nyanja

Anzanga, ife a ku Njakwa timadziwa mtsinje wa Rukuru, koma nyanja ambiri timangoimva. Komatu madzi omwewa akadutsa pa mlatho wathu amakathira m'nyanja chakufupi ndi Mlowe. Patchuthi chapitachi ndinakwera boti la injini ku Mloweko ndi amalume, kupita ku Tcharo kukaona agogo. Tili pakati, injini inangoti phwii, n'kuzima.

Kunena zoona, mtima unagunda. Mayi wina anaimirira n'kuyamba kulira, boti linapendekeka. Amalume anakuwa: "Khalani pansi, mayi! Lazima ndi injini, boti likadali bwino!"

Zimene ndinaphunzira tsikulo ndi izi.

1. Khalani pansi. Anthu akathamangira mbali imodzi, boti limatembenuka.

2. Gwirani nkhafi msanga. Anyamata awiri anapalasa kuti mutu wa boti uyang'ane kochokera mafunde. Funde likamenya m'mbali ndiye limathira madzi m'kati, makamaka nyengo ya mwera, miyezi yozizira. Ine ntchito yanga inali kukapa madzi ndi chigubu chodula.

3. Kukonza kumabwera pambuyo. Woyendetsa anayang'ana mafuta, anapeza alipo. Kenaka anamasula pulagi. Inali yakuda bii, waya wake utanyowa. Pulagi ndi imene imathetheka moto woyatsa petulo, ndiye popanda moto umenewo injini siingalire, olo mukoke chingwe mpaka mkono kuwawa. Anapukuta waya, kuika pulagi ina, injini inalira.

4. Samalani batire. Asodzi a usipa amawunikira ndi magetsi a batire usiku. Mukukumbukira zija za mu Physics? Sipanala ikakhudza mitu yonse iwiri ya batire nthawi imodzi, magetsi amadutsa njira yachidule, moto n'kuthetheka. Pafupi pakakhala chigubu cha petulo, basi zavuta. Batire izikhala pouma, kutali ndi mafuta.

5. Magetsi akafa usiku, anzanu sangakuoneni. Tengani tochi yapadera, ndipo foni muimange mu pulasitiki.

6. Boti likatembenuka, musalisiye bola likuyandama. Gombe limaoneka pafupi pamene lili kutali. Ngati mulibe jekete loyandamitsa, kumbatirani chigubu chopanda kanthu chotseka bwino.

Izi si nthabwala ayi. Pa Pasaka wa 2017 boti lodzaza kwambiri linatembenuka kufupi ndi Mlowe, anthu anataya miyoyo. Kalenso, mu 1946, sitima ya Vipya inamira pa namondwe chakumpoto komweko, anthu oposa 100 anafa.

Ndiye musanakwere, onani ngati muli nkhafi, chokapira madzi ndi majekete. Funsaninso ngati woyendetsa watenga pulagi yapadera. Boti likadzaza kwambiri, dikirani lina. Musachite manyazi kuti akusekani ngati wa kumapiri. Paja safunsa anadya phula.