Mphuno yosupuka ndi chimfine

Mu Juni ndi Julayi kuno ku Mzimba kumazizira kwambiri. Mphepo yochokera ku mapiri a Viphya imawomba usiku wonse, ndipo amene amalawirira kukagulitsa tomato pamsika wa Jenda amaidziwa bwino. Ogasiti akafika, fumbi nalo limayamba. M'miyezi imeneyi chimfine chimayenda nyumba ndi nyumba. Lero chagwira mwana wa sukulu, mawa amayi ake, mkuja agogo.

Chimfine chimayamba ndi tizilombo ting'onoting'ono totchedwa mavairasi. Timalowa m'mphuno munthu wodwala akayetsemulira pafupi, kapena ife tikagwira kumaso ndi manja osasamba. Nyengo yozizira timathithikana m'nyumba zotseka, motero tizilombo sitivutika kupeza munthu wina. Tizilomboti tikalowa, mkati mwa mphuno mumatupa ndipo mumatuluka mamina ambiri. Mamina ndi njira imene thupi limatsukira m'mphuno.

Nanga kunja kwa mphuno kumawawiranji? Chilonda chimenecho sichibwera ndi tizilombo ayi. Timachipanga tokha popukuta.

Khungu lili ndi mafuta akeake amene amaliteteza kuti lisaume. Mamina akamatsika tsiku lonse, khungu la pansi pa mphuno limakhala lonyowa ndipo limafewa, ngati manja a mayi amene wachapa zovala kudambo kuyambira m'mawa. Pakhungu lofewalo ife timapukutapo mwamphamvu, kenaka kupukutanso. Mafuta aja amachoka, kakhungu kapamwamba kamasupuka. Tikatuluka panja, mphepo youma imaumitsa pamenepo mpaka kung'aluka. Mamina ali ndi kamchere, ndiye akalowa m'ming'alumo mumalasa.

Choyamba kusintha ndi chopukutira. Ambiri timatola chilichonse chimene chili pafupi: nsonga ya chitenje chimene tavala, mkono wa juzi, pepala la m'kope la mwana, tsamba la mtengo. Zonsezi n'zokhakhala, ndipo nsonga ya chitenje ija ndi yomwe tipukutirenso kumaso kwa mwana. Pezani chitenje chakale chimene chachapidwa kambirimbiri mpaka kufewa, kapena malaya a thonje otha ntchito. Dulani tinsalu tisanu kapena tisanu ndi kamodzi. Chitenje chatsopano musachigwiritse ntchito, chimakhala cholimba. Kansalu kakanyowa, kaikeni padera mutenge kena, chifukwa konyowa kamangopaka mamina pachilonda. Madzulo chapani tonse ndi sopo, mutsukuluze bwino kuti sopo asatsalire, ndipo mawa lake muyanike padzuwa mpaka tiume gwa. Munthu aliyense m'nyumba akhale ndi take. Kansalu kamodzi kozungulira ana anayi kamagawa chimfine kwa onse anayi. Amene angakwanitse kugula tishu wofewa agule, koma akagwiritsa ntchito amutaye m'chimbudzi kapena pamoto. Tinsalu takale sitifuna ndalama ndipo tigwirabe ntchito chaka chamawa.

Kapukutidwe nakonso n'kofunika. Musakhule. Gunditsani kansalu pang'onopang'ono kuti kamwe mamina. Pomina, tsekani mbali imodzi ndi chala, muminire inayo mosakakamiza. Mwana wamng'ono musamukoke mphuno ngakhale akulimbana nanu. Ngati mamina aumirira, anyowetseni kaye ndi madzi ofunda, afewe, achoke okha. Mukatha sambani m'manja ndi sopo.

Tsopano bwezerani mafuta amene achoka. Tsukani pansi pa mphuno ndi madzi ofunda, muumitse mogunditsa, ndipo mupakepo Vaseline pang'ono. Sankhani wosanunkhira, chifukwa mafuta onunkhiritsa amalasa pakhungu long'aluka. Vaseline amatchinga kuti mamina asafike pachilonda ndiponso kuti khungu lisaume. Pakani m'mawa musanatuluke, masana mukamina, makamaka usiku pogona. Pakani kunja ndi m'mphepete mokha, osalowetsa mkati. Kabotolo kakang'ono ka pagolosale kakhoza kukwanira banja lonse nyengo yonse yozizira, bola aliyense azitapamo ndi chala chosamba.

Mankhwala opaka otentha aja, monga Vicks, si a pachilonda. Musawapake pakhungu losupuka kapena m'mphuno, ndipo mwana wosakwana zaka 2 musamupake n'komwe. Mankhwala otsukira mano, palafini ndi phulusa nazonso zimangowonjezera chilonda. Agogo amene amafwenkha fodya ayambe apumira mpaka mphuno itapola. Utsi wa m'khitchini umachulukitsa mamina, choncho wodwala aothere moto pamalo podutsa mpweya. Mbaula yamakala musagone nayo m'chipinda chotseka, utsi wake umapha.

Mphuno ikatsekeka, madzi a mchere amathandiza. Wiritsani madzi, muwasiye azizire. Mu kapu imodzi sungunulani theka la sipuni yaing'ono ya mchere, ndipo mudonthezere madontho awiri kapena atatu mbali iliyonse. Mamina amasungunuka ndipo simuvutika pomina. Imwani madzi ambiri, tiyi kapena phala lamadzimadzi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Chimfine chimatha chokha pa masiku 7 mpaka 10, ndipo mphuno imapola mukangosiya kuikhula. Makapisozi a amoxicillin ogula pamsika sapha mavairasi. Kuwagulira chimfine n'kutaya ndalama, komanso tsiku limene mudzawafunedi akhoza kudzalephera kugwira ntchito.

Koma pali nthawi yosiya zapakhomo. Ngati pachilonda pamera nkhanambo zachikasu, pakutuluka mafinya, kapena tizilonda tikufalikira kukamwa ndi m'masaya, ndiye kuti palowa tizilombo tina tofunika mankhwala akuchipatala. Thupi likatentha, kayezetseni malungo. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, kayezetseni TB. Chipatala cha boma ku Mzimba, cha Embangweni, cha Katete ndi zipatala zing'onozing'ono za m'madera mwathu zilipo chifukwa cha zimenezi. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikamalowa mkati, kapena akakana kuyamwa, chikhoza kukhala chibayo. Musadikire kuti kuche bwino kapena kuti bambo abwere kaye. Muberekeni mupite naye kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala tsiku lomwelo.