Dzina Limodzi pa Makompyuta Onse: Mafunso a Omvera

Kompyuta ikamasunga yokha mayina ndi mapasiwedi, munthu amafunika kutsegulidwira akaunti pa makina alionse payekhapayekha. Seva yotsimikizira anthu imasonkhanitsa mayinawo pamalo amodzi, makompyuta ena n'kumangokafunsa kumeneko. Makalata a sabata ino akukhudza kalumikizidwe kake.

Funso: Aphunzitsi a pasukulu ina ku Ndirande akufunsa chomwe chimafunika kuti mwana azilowa ndi dzina lake pa kompyuta iliyonse m'labu.

Yankho: Choyamba ndi seva. Yofala kwambiri ndi Active Directory ya Microsoft, yomwe idabwera ndi Windows 2000. Sukulu yosowa ndalama za laisensi ikhoza kugwiritsa ntchito Samba 4 pa Linux, yomwe idatuluka mu 2012 ndipo ndi yaulere. Mkati mwa zonsezi muli LDAP, kaundula wa mayina ndi magulu, komanso Kerberos, yomwe idapangidwa ku MIT ku America m'zaka za m'ma 1980. Kerberos imapatsa munthu tikiti akangolowa, kotero pasiwedi siyendayenda pa netiweki.

Kompyuta yolumikizidwayo ikhale ndi Windows Pro, Education kapena Enterprise; Windows Home silowa mu domain (gulu la makompyuta odalira sevayo), ngakhale munthu atayesa chotani. Ipatsidwe dzina losafanana ndi la inzake. Kenako pa System Properties pamalembedwa dzina la domain, woyang'anira n'kuikapo pasiwedi yake, kompyuta n'kuzimitsidwa ndi kuyatsidwanso. Pa Linux ntchitoyi imachitika ndi lamulo la realm join, ndipo pulogalamu ya SSSD ndiyo imalankhulana ndi seva.

Funso: Bambo wina wa ku Chilomoni akuti intaneti ikugwira bwinobwino, koma kompyuta ikunena kuti domain sikupezeka.

Yankho: Apa vuto kawirikawiri limakhala DNS, yomwe imathandiza kompyuta kupeza adiresi ya makina ena pogwiritsa ntchito dzina. Rauta ya Airtel kapena TNM imagawira makompyuta adiresi ya DNS yodziwa za kunja zokha. Imapeza Facebook mosavuta, koma seva yomwe ili m'chipinda chomwecho siidziwa. Mankhwala ake ndi kupatsa seva adiresi yosasintha ndi kuilemba ngati DNS ya kompyuta iliyonse. Seva ndiyo izitumiza mafunso ena kunja. Kuonjezera DNS ya kunja ngati yachiwiri kumaoneka kwanzeru, koma kumabweretsa vuto lobwera n'kupita, lovuta kulipeza.

Funso: Mayi wina wa ku Bangwe akudandaula kuti magetsi akathima n'kuyakanso, pasiwedi yolondola imakanidwa.

Yankho: Wolakwa ndi wotchi. Kerberos imakana tikiti ngati nthawi ya kompyuta ndi ya seva zasiyana kuposa mphindi 5, pofuna kuti wakuba asagwiritsenso ntchito uthenga wakale. Makompyuta ogulidwa atagwirako kale ntchito kunja nthawi zambiri amabwera ndi kabatire ka CR2032 kotha mphamvu, ndiye magetsi akachoka, tsiku ndi nthawi zimabwerera m'mbuyo. Kabatireko kasinthidwe, ndipo makompyuta onse azitenga nthawi ku seva.

Chigawo cha nthawi nachonso chimasokoneza. Malawi ali maola 2 patsogolo pa UTC. Pa Linux pamasankhidwa Africa/Blantyre, pa Windows "Harare, Pretoria". Kompyuta yomwe idakali pa chigawo cha London kapena New York, wina n'kungokonza manambala ndi dzanja, imaonetsa nthawi yolondola pamaso koma mkati yaphonya ndi maola. Seva ndi switch zikhale pa UPS, ndipo ziziyamba kuyaka makompyuta ena asanayatsidwe.

Funso: Wogwira ntchito wina wa ku Machinjiri akufunsa ngati laputopu ya ku ofesi ingatseguke kunyumba.

Yankho: Imatseguka, malinga ngati mwini wake adalowapo kale ili pa netiweki ya ku ofesi. Windows imakumbukira anthu 10 omwe adalowa pomaliza, pokhapokha woyang'anira atasintha chiwerengerocho. Pa SSSD pamafunika kuyatsa cache_credentials. Yemwe sadalowepo ayenera kudikira kufikira laputopuyo itaonananso ndi seva. Mafayilo osungidwa pa seva nawo safikirika popanda VPN.