Disiki yatsopano sikuoneka pa Ubuntu

Omvera athu kuno ku Joni ndi kwina konse, tengani cholembera, chifukwa lero muli malamulo oti mulembe chilembo ndi chilembo.

Kalata yoyamba yachokera ku Rosettenville, kwa achimwene ena akwathu ku Dedza amene amajambula maukwati ndi zinkhoswe za Amalawi. Akuti: "Ndagula disiki ya 2TB yosungira mavidiyo. Ndaiika mu kompyuta yakale yomwe ili ndi Ubuntu Server, yopanda zodina ndi mausi, koma sindikuiona. Kodi andigulitsa yakufa?"

Achimwene, musafulumire kukalalata kushopu. Windows imapatsa disiki chilembo, D kapena E, nkuoneka yokha. Linux simatero. Disiki imafunika kuilumikiza ku foda ina yake, ndipo ntchito imeneyi ndi yomwe timati kupanga mount. Yambani ndi lsblk, ndiye kuti l, s, b, l, k. Muona mndandanda wa madisiki onse. Nthawi zambiri sda ndi disiki yomwe muli Ubuntu, yatsopanoyo nkukhala sdb, koma musakhulupirire chilembo, yang'anani kukula kwake. Ya 2TB idzalembedwa 1.8T. Sanakubereni ayi: opanga madisiki amawerenga ndi 1000 pomwe kompyuta imawerenga ndi 1024.

Ngati pansi pa sdb palibe sdb1, disikiyo sinagawidwe. Lembani sudo fdisk /dev/sdb, dinani g, kenako n, muvomereze mafunso otsatirawo ndi Enter, mumalize ndi w. Tsopano pafika poopsa: sudo mkfs.ext4 /dev/sdb1. Uku ndi kufomata ndi ext4. Mukaphonya chilembo chimodzi nkulemba dzina la disiki yomwe muli ntchito za makasitomala, ukwati wa eni ake wapita, ndipo palibe Recycle Bin yokatolako. Ine ndimati zulani madisiki ena onse akunja, muonenso lsblk, kenako mudine Enter. Ngati disiki mwagula kwa munthu ndipo mukufuna zomwe zilimo, fdisk ndi mkfs musazikhudze nkomwe.

Zotsalazo nzosavuta. Pangani foda ndi sudo mkdir /mnt/maukwati, kenako sudo mount /dev/sdb1 /mnt/maukwati. Lamulo la df -h likuonetsani kuti zatheka. Fodayo ikakana kulandira mafayilo, ndi chifukwa chakuti mwini foda akadali root, ndiye lembani sudo chown $USER /mnt/maukwati.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Yeoville amene ali ndi kashopu kosindikiza ma CV ndi kufotokopa. Akuti mphwawo anawakonzera disiki yachiwiri kuti izidzilumikiza yokha, koma tsiku lina magetsi atazima nkuyakanso, kompyuta inaima pa mawu akuti emergency mode.

Mayi, kompyuta yanu sinafe. Ndikuganiza kuti mphwanuyo analemba /dev/sdb1 mu fayilo ya /etc/fstab, yomwe Linux imawerenga poyaka kuti idziwe madisiki oti ilumikize. Vuto ndi lakuti mayina a sda, sdb, sdc amaperekedwa motsatira disiki yomwe yayamba kuoneka. Kasitomala akasiya fulashi yake pa kompyuta, fulashiyo ikhoza kutenga dzina la sdb, disiki yanu nkukhala sdc. Linux ikasowa chomwe fstab yalamula, imaima kudikira munthu.

Mankhwala ake ndi UUID, nambala yaitali yomwe simasintha pokhapokha mutafomatanso, ngati nambala ya pasipoti. Pomwe yaimapo kompyutayo pali polemba. Lembani blkid, mukopere UUID ya disikiyo, mutsegule nano /etc/fstab. Mzere wake ukhale chonchi: UUID=nambala ija, mpata, foda yolumikizira, mpata, ext4, mpata, defaults,nofail, kenako 0 ndi 2. Mawu akuti nofail ndi amene amauza kompyuta kuti ipitirize kuyaka ngakhale disikiyo palibe. Musanazimitse, yesani mount -a. Ikangokhala chete, mzere uli bwino. Ikadandaula, konzani pomwepo, osadikira kuti mudzazione m'mawa makasitomala ali pamzere.



Yomaliza ndi ya bambo wina wa ku Diepsloot. Akufuna kutumiza disiki ya mavidiyo a chinkhoswe kwa makolo ku Lilongwe kudzera kwa matransipota, koma kumudziko ali ndi Windows.

Bambo, pamenepa ext4 isiyeni, Windows siiwerenga payokha. FAT32 nayo imakana fayilo yoposa 4GB, ndipo vidiyo ya chinkhoswe chonse imapitirira pamenepo. Fomatani ndi exFAT, lamulo lake ndi mkfs.exfat. Linux inailandira mu kernel 5.4 mu 2019, ndipo Windows ndi Mac zimaiwerenga bwinobwino. Mukamaliza kukopera musangozula chingwe, chifukwa zina zimakhala zisanalembedwe pa disiki. Lembani sudo umount ndi dzina la foda. Mvetsetsani, ndi umount, palibe n pambuyo pa u. Ikayankha kuti target is busy, ndiye kuti mukadali mkati mwa fodayo: lembani cd, muyesenso. Ndipo mavidiyowo musungenso pa disiki ina kuno, msewu wodutsa ku Beitbridge, Nyamapanda mpaka ku Mwanza ndi wautali kwa disiki yopanikizana ndi katundu.