Phunziro la Malonda: Mtengo wa Chimene Mwasiya

Mwezi uno tilankhula ndi inu amene muli ndi uvuni wophikira buledi ndi masikono ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma. Ambiri mumadziwa kuwerengera mtengo wa fulawa, shuga, yisiti ndi nkhuni. Koma ulipo mtengo wina umene sulembedwa m'buku. Ndiwo phindu la chinthu chimene mwasiya kuti muphike chinzake.

Mlimi audziwa bwino mtengo umenewu. Akabzala fodya pa ndime yake, wasiya mtedza umene akadakolola pamenepo. Chimodzimodzi mwini bekale: fulawa imene yalowa mu buledi singalowenso m'masikono.

Chifukwa ninji tiyenera kusamala? Tirigu wambiri amene tidya m'Malawi muno amachokera kunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 mtengo wake unakwera, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tsono amene aphika mosawerengera angadye mpamba wake osadziwa.

Tiyeni tiyerekeze. Manambala awa ndi ophunzirira chabe; inu muikemo anu. Tinene kuti fulawa ndi nkhuni za tsiku limodzi zikwanira kuphika buledi 100, kapena masikono 600. Gawani 600 ndi 100, mupeza 6. Ndiye kuti pa buledi mmodzi aliyense amene mwaphika, mwasiya masikono 6.

Tsopano onani phindu. Tinene kuti mutachotsa zonse zimene mwawononga, buledi mmodzi akupatsani K300, sikono imodzi K60. Masikono 6 apatsa K360. Taonani! Buledi uja wakupatsani K300 koma wakulandani K360. Ngakhale m'thumba muli ndalama, mwataya K60. Buledi yekhayekha abweretsa K30,000 pa tsiku, pamene masikono okhaokha abweretsa K36,000.

Kodi tsono tileke buledi? Musafulumire. Masikono apatsa phindu akagulidwa, osati akagona m'dengu. Ngati pamalo panu anthu amagula masikono 300 okha, otsalawo adzauma, ndipo powasiya simutaya kanthu. Pamenepo nzeru ndiyo kuphika masikono 300 ndi buledi 50. Masikono apatsa K18,000, buledi K15,000, pamodzi K33,000. Mwapambana wophika buledi yekha ndi K3,000, ndipo m'dengu simutsala kanthu.

Kumbukiraninso kuti malo sali ofanana. Wogulitsa pafupi ndi chipatala cha St Gabriel ku Namitete, kapena m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, aona anthu ambiri a paulendo ofuna kanthu kakang'ono kodyera pomwepo. Wa kumudzi kutali ndi msewu ali ndi ogula ena. Ngakhale masiku asiyana: tsiku la msika silifanana ndi masiku ena, ndiponso nyengo yogulitsa fodya ndi mtedza siifanana ndi miyezi ya njala.

Chotero chitani izi. Gulani kabuku. Kwa milungu iwiri lembani zimene mwaphika, zimene zagulidwa ndi zimene zatsala. Pambuyo pake chitani masamu aja. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Uvuni umodzi sungaphike zonse. Sankhani mutadziwa chimene mulikusiya.