MUTU 7: SEWERO LA ZA M'BANJA NDI MAYANKHIDWE A OPENYERERA

Zolinga

Pakutha pa mutu uno, wophunzira uphunzitsi ayenera kukhoza:
(a) kumasulira mayankhidwe a ana popenyerera sewero lalifupi;
(b) kugwiritsa nchito mayankhidwewo pophunzitsa Cinyanja;
(c) kuteteza mwana amene sewerolo lamulasa mumtima.

Wopenyerera sakhala duu

Pa cikhalidwe cathu womvera amathandiza wokamba. Pa nthano amavomera, pa gule amaomba m'manja. Gulu la masewero la Chikwakwa, limene linayamba pa Yunivesite ya Zambia mu 1969, linatsata mwambo womwewu poonetsa masewero pabwalo, pakati pa anthu. Motero ana a ku Chazanga, kumpoto kwa Lusaka, akayamba kuseka kapena kukuwa pakati pa sewero, mphunzitsi asafulumire kuwaletsa. Phokosolo ndilo limuuza cimene ana amva.

Citsanzo

Tengani sewero la mphindi 5 la Giredi 6. Maliro atha. Mng'ono wa malemu afika kudzatenga mipando, wailesi ndi mapepala a nyumba. Mkazi wamasiye akana, ana ake ali m'mbali kuyang'ana. Yembekezani mayankhidwe atatu.

1. Kuseka. Sikuti nthawi zonse ndi cipongwe. Kawirikawiri ana aseka cifukwa azindikira zimene anaziona pafupi ndi kwao, kapena cifukwa ca manyazi poona akulu akukangana.

2. Kutenga mbali. Ena adzakuwa kuti, "Musawapatse!" Ena adzati katunduyo ndi wa abale a mwamuna. Apa mpamene pabadwira mtsutso wabwino. Mphunzitsi adziwe kuti lamulo la Intestate Succession Act la 1989 linagawa cuma ca munthu womwalira wopanda wilo motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira malemu.

3. Cete. Mwana amene waweramitsa mutu, kapena wapempha kutuluka, mwina sakuona sewero ai. Akuona kunyumba kwao.

Pamene pagona phunziro la cinenero

Onetsetsani nthawi imene kalasi lonse lidzidzimuka. Kambiri si pamene mpando unyamulidwa, koma pamene mau a ulemu agwa. Poyamba mkazi anena kuti, "Alamu, takhalani pansi tikambirane." Mkangano ukakula, mwamunayo ayankha kuti, "Coka iwe!" Kucoka pa inu kufika pa iwe, pa mu- kufika pa u-, ndiko kuphwanya cibale poyera. Ana acidziwa cimeneci asanaphunzire dzina lake m'galamala. Lembani ziganizo ziwirizo pabolodi, ndipo ana apeze okha tizigawo tosonyeza ulemu: a- wa pa dzina ndi -ni wa kumapeto. Ana ambiri a m'makomboni anena ba mulamu m'malo mwa alamu. Musawadzudzule; aonetseni kuti ba- ndi a- zigwira nchito imodzi, ndi kuti a- ndiye alembedwa m'Cinyanja ca m'mabuku.

Cenjezo

Musapatse mwana wamasiye mbali ya wamasiye. Musafunse kuti, "Ndani zinamucitikira zotere?" Funsani za anthu a m'sewero basi. Sewero likatha, osewera achule maina ao enieni ndi kugwirana canza, kuti amene anasewera mlamu asatengere dzina loipa kunja. Mwana amene analira mumuone payekha ana ena atatuluka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Zocita

1. M'magulu a anthu 4, lembani sewero losapitirira mizere 20 la mkangano wa mwana ndi amai omupeza. Sonyezani mzere umene ulemu usweka.
2. Gulu lina lisewere, inu mulembe pamene openyerera aseka, akuwa, kapena akhala cete.
3. Konzani mafunso 5 a Giredi 6 ocokera pa mayankhidwe amenewo, opanda funso lokhudza banja la mwana aliyense.